Chotupa chabwerera, kapena ndi chipsera cha kuwotcha?

Achimwene anga aakulu anabwerera kuno ku Mangochi kuchokera ku Joni ali ndi chipsera chachitali kumanzere kwa mutu, ndiponso chikwama chodzaza mapepala a kuchipatala. Anali atagwira ntchito yomanga nyumba kumeneko kwa zaka zambiri, monga amachitira anyamata ochuluka a m'boma lino, mpaka tsiku limene anagwa pantchito n'kuyamba kuphupha, chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo chibadwire. Atawajambula mutu anapeza chotupa cha mtundu wotchedwa glioma, chimene chimayambira m'maselo a ubongo weniweniwo ndipo chimalowerera m'malo ozungulira popanda malire ooneka bwino. Anawachita opaleshoni, kenako anawotcha malowo ndi radiotherapy kwa masabata 6 uku akumwa makapisozi a khansa otchedwa temozolomide. Atamaliza zonsezi ananena kuti akufuna kukapumira kwawo, pafupi ndi mayi ndi ana awo.

Miyezi yoyamba tinkaona ngati mavuto atha. Ankadya bwino, ankayenda okha mpaka kumsika, ndipo madzulo ankakhala kugombe kucheza ndi anzawo osoka maukonde. Kenako dzanja lamanja linayamba kulemera. Kapu inkawapulumuka, ndipo polankhula mawu ena ankawathawa, moti ankaloza chinthu ndi chala, akuchidziwa bwinobwino koma dzina lake osatuluka. Ine ndi amene ndinawaperekeza ku Blantyre monga gadiyani kuti akawajambulenso ndi MRI.

## Mkombero woyera

Adokotala anaika zithunzi ziwiri pakompyuta, chakale cha ku Joni ndi chatsopanocho. Ngakhale ine wosaphunzira zachipatala ndinaona kusiyana kwake. M'mphepete mwa malo amene anachotsapo chotupa munali mkombero woyera, wokulirapo kuposa poyamba, ndipo ubongo wozungulira malowo unali wotupa. Ndinataya mtima pomwepo.

Koma adokotalawo sanafulumire. Anatembenukira kwa achimwene n'kunena kuti: "Bambo, kuyeraku ndi malo amene mankhwala aja tinakubayani atulukira kunja kwa mitsempha ya magazi. Chotupa chimachititsa zimenezi, ndipo kuwotcha kumachititsanso zomwezi. Chithunzi chokhachi sichingandiuze kuti pano tikuona chiti mwa ziwirizi."

Zimene ankatanthauza n'zoti mitsempha ya magazi ya mu ubongo ndi yotsekeka kwambiri kuposa ya kwina kulikonse m'thupi, ndipo siilola zinthu zambiri za m'magazi kulowa mu ubongo. Mankhwala a gadolinium amene amabaya pojambula MRI amakhala m'mitsempha momwemo ngati mitsemphayo ili bwino, ndipo amadontha pokhapokha pamene yawonongeka. Pamene adontha m'pamene pamayera pachithunzi. Chotupa chokula msanga chimapanga mitsempha yake yofooka, yodontha. Cheza cha radiotherapy nacho chimavulaza mitsempha ndi minofu ya pamalo amene chawotcha, ndipo bala limenelo limatha kutupa, kudontha, ngakhale kukula kwa kanthawi, nthawi zina m'miyezi yoyambirira, nthawi zina patapita chaka kapena kuposerapo. Wodwala amafooka dzanja kapena kuvutika kulankhula pa zifukwa zonse ziwiri, chifukwa ubongo ukapanikizidwa susankha chimene chaupanikiza. MRI ndi makina abwino kwambiri poonetsa maonekedwe, kukula ndi malo a chinthu, koma funso lakuti m'chinthucho muli maselo amoyo amene akuchulukana kapena ndi minofu yakufa, nthawi zina imalisiya losayankhidwa.

Adokotala anatchula njira zitatu. Tikhoza kudikira n'kudzajambulanso, akhoza kutsegulanso mutu kuti atenge kachidutswa kokayeza, kapena tikhoza kukafuna kujambula kwa mtundu wina kotchedwa PET, kumene panthawiyo kunafunika kuwoloka malire a dziko.

## Pakhonde la mayi

Tisanafike n'komwe kunyumba, uthenga unali utazungulira kale pa WhatsApp ya banja, ndipo unali waufupi: chotupa chabwerera. Madzulo ake abale anasonkhana pakhonde la mayi. Kunali kotentha monga kumakhalira kuno mvula isanagwe, ndipo achimwene anawagoneka pamkeka pambali kuti azipitidwa mphepo.

Amalume ndi amene anayamba. Anati munthu sitimutaya akadapuma, choncho tigulitse bwato, injini ndi chilimira zimene bambo anatisiyira, ndalamazo zikalipire opaleshoni yachiwiri. Mayi anakana mwamphamvu. "Achimwene," anatero kwa amalume, "mwana wangayu anang'ambidwa kale mutu kamodzi. Ngati nthendayo yabwerera, musiyeni agone pano ndizimuphikira phala, osati akafere panjira." Wina anatchula za sing'anga wa ku Makanjira, ponena kuti nthenda yochoka n'kubweranso si ya Mulungu. Alamu anga anali chete, mwana ali kumbuyo, akungoyang'ana pansi, pamene katundu amene ankakambidwayo ndiye amene ankadyetsa ana awo.

Ndimakumbukira kuti mkanganowo unatenga nthawi, ndipo aliyense ankalankhula chifukwa cha chikondi. Koma mbali zonse zinaima pa mfundo imodzi, yoti chotupacho chabweradi. Amalume ankafuna kulimbana nacho, mayi ankafuna kuchigonjera mwaulemu, ndipo panalibe amene ankafunsa ngati chinalipodi.

Amene anafunsa anali mwini wake. Achimwene anadzuka movutikira, natsamira khoma, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi chifukwa cha vuto lija. "Amalume, adokotala sananene kuti chabwerera. Anati chithunzi sichikunena. Musagulitse bwato, ndipo inu amayi musayambe kundilira, tisanadziwe." Pakhondepo panakhala bata. Munthu amene tonse tinkamuona ngati sakutsatira nkhani ndi amene anamva bwino kwambiri zimene zinanenedwa ku Blantyre.

Kuyambira pamenepo nkhani inasintha. Tinasiya kukangana za chochita ndi chotupa n'kuyamba kukambirana mmene tingadziwire ngati chilipo. Asuweni athu a ku Joni anasonkha marandi, ife kuno tinagulitsa matumba a usipa amene tinkasungira nthawi ya mitengo yabwino, ndipo ine ndi achimwene tinakwera basi yopita ku South Africa yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge.

## Kuwala kochokera m'kati

Mayi atamva kuti dipatimenti imene tikupita ndi ya nuclear medicine anachita mantha, ndipo sindikuwaimba mlandu, chifukwa ambiri a ife zanyukiliya timazimva pa nkhani za mabomba kapena za mgodi wa yuraniyamu wa Kayelekera ku Karonga. Koma njira imeneyi si yatsopano pa zotupa za mu ubongo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Gordon Brownell ndi William Sweet a ku Massachusetts General Hospital mumzinda wa Boston anali atayamba kale kufufuza zotupa za mu ubongo ndi makina ozindikira cheza cha mtundu umenewu.

Pojambula X-ray kapena CT, cheza chimachokera m'makina n'kudutsa m'thupi. Pa nuclear medicine zimayenda mosiyana. Amatenga chinthu chimene maselo amachifuna, n'kuchiphatikiza ndi kachinthu kotulutsa cheza chochepa kwambiri, kenako n'kubaya mumtsempha. Magazi amachinyamula, maselo amene akuchifuna kwambiri amachikoka chambiri, ndipo makina amangowerenga kumene chezacho chikuchokera. Pa PET, kachinthu kotulutsa chezako kamatulutsa kanthu kakang'ono kwambiri kotchedwa positron, kamene kakakumana ndi kanthu kena ka m'thupi kotchedwa electron zimatheratu n'kusanduka timizere tiwiri ta cheza tothamangira mbali zosiyana. Makina ozungulira mutu amagwira tiwiri tonseto nthawi imodzi, ndipo kompyuta ikasonkhanitsa mizere yotere yambirimbiri imadziwa malo enieni amene mankhwalawo aunjikana. Chithunzi chake chimaonetsa zimene minofu ikuchita, pamene MRI imaonetsa mmene minofuyo ikuonekera.

Mankhwala odziwika kwambiri pa PET ndi FDG, shuga wophatikizidwa ndi kachinthu kotulutsa cheza kotchedwa fluorine-18, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa anthu mu 1976. Maziko ake ndi zimene Otto Warburg anapeza m'zaka za m'ma 1920, zoti maselo a khansa amadya shuga wambiri kuposa maselo abwino. Pa khansa ya m'mapapo kapena ya m'matumbo FDG imathandiza kwambiri. Mu ubongo muli vuto, chifukwa ubongo, ngakhale umalemera pafupifupi magawo 2 okha pa 100 a thupi lonse, umagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu za thupi, ndipo chakudya chake ndi shuga yemweyo. Aliyense wokhala kunyanja amadziwa mmene kumaonekera usiku wa mdima asodzi a usipa akayatsa nyali zawo onse. Nyanja yonse imadzaza kuwala, ndipo sungathe kuloza kuti bwato la kwanu ndi lija. Koma usiku umene bwato limodzi lokha lalowa m'madzi, nyali yake umaiona uli kutali. Ubongo wojambulidwa ndi shuga uli ngati usiku woyambawo.

N'chifukwa chake pa glioma akatswiri amakonda mankhwala opangidwa kuchokera ku ma amino acid, tizinthu timene thupi limamangira mapuloteni. Ubongo wabwino umakoka tochepa, pamene maselo a glioma ali ndi njira zambiri zotilowetsera, ndipo amatikoka ngakhale pamalo amene mitsempha sinayambe kudontha. Mayina a mankhwalawa ndi methionine, FET ndi FDOPA. Mu 2016 magulu a akatswiri a zotupa za mu ubongo otchedwa RANO ndi EANO anatulutsa malangizo olimbikitsa PET ya ma amino acid pa glioma, makamaka posiyanitsa chotupa chobwerera ndi zotsatira za chithandizo, podziwa pamene chotupa chalekezera, ndiponso posankha malo oyenera kutengapo kachidutswa kokayeza.

## Tsiku lojambula

Achimwene anawajambula ndi FET. Anawauza kuti asadye kwa maola angapo, koma madzi amwe. Chimene anatitsindikira kwambiri chinali nthawi. Namwino anandiuza kuti tikachedwa sadzatha kutidikira, chifukwa mankhwalawo amapangidwa m'mawa womwewo ndipo amayamba kutha mphamvu atangotuluka m'makina.

Kubayako kunali kwa kanthawi kochepa, ndipo achimwene anati sanamve kalikonse kupatula nsonga ya jakisoni. Atadikira pang'ono anawagoneka pabedi la makina, mutu ataugwiriziza kuti usasunthe, ndipo kujambulako kunatenga pafupifupi mphindi 20. Makinawo sasokosa ngati MRI. Potuluka anawalangiza kuti amwe madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi kuti mankhwala otsala atuluke, komanso kuti kwa maola ochepa asakhale moyandikana nthawi yaitali ndi mayi woyembekezera kapena khanda. Cheza chimene munthu amalandira pa kujambula kotere n'chofanana ndi chimene tonse timalandira kuchokera m'nthaka, m'mpweya ndi kuthambo pa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo n'chochepa kutalitali poyerekeza ndi chimene anawotchera chotupa. Usiku womwewo ndinaimbira mayi, ndipo achimwene analankhula nawo okha kuti amve kuti mwana wawo ali monga anachokera.

## Zimene chithunzi chinanena, ndi zimene sichinalonjeze

Adokotala a kumeneko anasanjikiza chithunzi cha PET pamwamba pa MRI ija ya ku Blantyre, imene tinapita nayo pa CD. Mkombero umene unkayera kwambiri pa MRI unali wozizira pa PET. Anatifotokozera kuti amayerekeza kuchuluka kwa mankhwala pamalo okayikitsawo ndi kuchuluka kwake pa ubongo wabwino wa mbali inayo, ndipo pa achimwene kusiyanako kunali kochepa, kosafika pamene chotupa chokula chimafika. Maganizo awo anali oti chimene tikuona ndi bala la radiotherapy. Anawapatsa dexamethasone wochepetsa kutupa, anapitiriza mankhwala a khunyu, ndipo analamula kuti MRI ibwerezedwe pakapita nthawi yochepa.

Ndikufuna kunena mbali iyi mosamala, chifukwa ndaona mmene nkhani yabwino imakokomezedwera ikamayenda pakati pa abale. PET sinachiritse achimwene, ndipo sinanene kuti glioma yatha. Zotupa za mtundu umenewu zimasiya maselo obisika amene makina alionse sangawaone, ndipo zambiri zimabwerera. PET nayo imalakwitsa. Malo otupa chifukwa cha matenda ena, kapena ubongo umene wangogwidwa kumene ndi khunyu, akhoza kukoka mankhwala n'kuoneka ngati chotupa, pamene zotupa zina zokula pang'onopang'ono sizikoka n'komwe. Nthawi zambiri pamalo amodzi pamakhala zonse ziwiri, minofu yakufa ndi maselo a chotupa osakanikirana. Yankho lotsimikizika limachokera pa kachidutswa koyezedwa pa maikulosikopu, ndipo adokotala anatiuza poyera kuti ngati MRI yotsatira ikanaonetsa kukula kopitirira, akanabwerera ku nkhani ya opaleshoni.

Chimene chithunzicho chinachita n'chakuti chinatipatsa chifukwa chomveka chodikirira. Kutupa kutachepa, dzanja linayamba kugwira ndipo mawu anayamba kubwerera, ngakhale si onse. MRI yotsatira inaonetsa mkomberowo utachepa. Munthu amene akanang'ambidwanso mutu pafupi ndi malo olamulira kulankhula sanang'ambidwe, ndipo munthu yemweyo, tikanatsata njira inayo, akanagona pamkeka osalandira mankhwala otsika mtengo amene anamuthandiza. Chithunzicho chikanawala, tikanamva kuwawa, komabe tikanadziwa kuti bwato tikugulitsira chinthu chenicheni, ndipo dokotala wa opaleshoni akanadziwa malo oyenera kulunjika.

## Chifukwa chake n'kutali

Pobwerera ndinkadzifunsa chifukwa chimene mankhwalawo sangangotumizidwa kwathu monga amatumizira mankhwala ena. Yankho lagona pa nthawi. Fluorine-18, imene ili mu FDG ndi mu FET, imatsika mphamvu ndi theka pa mphindi 110 zilizonse. Pakapita maola 3 ndi mphindi 40, nthawi imene minibasi imatha kutenga kuchoka ku Blantyre kufika ku Mangochi kudzera ku Zomba ndi Liwonde, imakhala itatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Carbon-11 wa mu methionine ndiye amatsika ndi theka pa mphindi 20 zokha, moti amagwira ntchito pokhapokha makina owapangira, otchedwa cyclotron, ali pamalo omwewo. Choncho kugula makina a PET okha sikokwanira. Pamafunika cyclotron pafupi, magetsi osathima, labotale yoyeza ukhondo wa mankhwala tsiku lililonse, ndi anthu ophunzira ntchito zonsezi.

Pali mbali ina ya nuclear medicine imene dziko ngati lathu lingaifikire msanga, ndiyo SPECT, kujambula kumenenso kumawerenga cheza chochokera m'thupi. Imagwiritsa ntchito kwambiri technetium-99m, imene imatsika ndi theka pa maola 6, koma imatengedwa pachipatala pomwepo kuchokera m'kabokosi kokhala ndi molybdenum-99, amene amatsika ndi theka pa maola 66. Kabokosi kotere kakhoza kubwera pa ndege n'kugwira ntchito kwa sabata. Amodzi mwa malo ochepa padziko lonse opangira molybdenum-99 ali m'chigawo chathu chomwechi, pa makina a zanyukiliya otchedwa SAFARI-1 ku Pelindaba pafupi ndi Pretoria. Zithunzi za SPECT sizikhala zakuthwa ngati za PET, komabe thallium-201 ndi mankhwala ena a technetium akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri posiyanitsa chotupa chobwerera ndi bala la kuwotcha.

Kwathu kuno funso limeneli ndi lalikulu kuposa nkhani ya glioma yokha. Mkombero woyera mu ubongo wa munthu wa ku Namwera kapena ku Monkey Bay ukhoza kukhala TB, ukhoza kukhala chithupsa, ukhoza kukhala matenda oyamba ndi tizilombo otchedwa toxoplasmosis mwa munthu amene ali ndi HIV, ndipo ukhoza kukhala khansa ya lymphoma. Mankhwala a matenda amenewa ndi osiyana kotheratu. Thallium SPECT ndi FDG PET zathandiza madokotala kusiyanitsa lymphoma, imene imakoka mankhwala ambiri, ndi toxoplasmosis, imene kawirikawiri siikoka, ngakhale kuti TB imatha kusokoneza chifukwa nayo imakoka shuga. Ndiye amene anganene kuti makina otere ndi a mayiko olemera okha akuiwala kuti zinthu zofanana ndi chotupa pachithunzi n'zochuluka kuno kuposa kumeneko.

Malawi analowa m'bungwe la padziko lonse loona za mphamvu zanyukiliya la IAEA mu 2006, anakhazikitsa lamulo la zamphamvu zanyukiliya mu 2011, ndipo pamene bungweli linayambitsa ntchito ya Rays of Hope mu 2022 pofuna kufalitsa chithandizo cha khansa, dziko lathu linali m'gulu la mayiko oyamba. Chidwi chachikulu chili pa radiotherapy, ndipo n'zoyenera, chifukwa anthu ambiri anafa akudikira ulendo wokaipeza kunja. Koma radiotherapy ikafalikira, odwala ofanana ndi achimwene adzachulukanso, anthu owotchedwa ubongo amene pakapita miyezi MRI yawo idzayera, ndipo mabanja awo adzakhala pakhonde kukambirana zogulitsa munda. Ndikuona kuti kukonzekera njira yoyankhira funso lawo kuyenera kuyendera limodzi ndi makina owotchera.

Pakali pano pali zochepa zimene zili m'manja mwa gadiyani ndi achipatala cha boma. Zithunzi zenizenizo zisungidwe pa CD kapena pa fulashi, chifukwa lipoti la papepala lokha silingasanjikizidwe ndi chithunzi china, ndipo dokotala sangayerekeze kukula popanda chithunzi chakale. Kalata yotumizira wodwala ikamachoka ku Mangochi izinena mtundu wa chotupa monga unapezeka pa maikulosikopu, tsiku limene anamaliza radiotherapy, ngati anamwa temozolomide, mlingo wa dexamethasone amene akumwa, ndi tsiku limene anagwa khunyu komaliza, popeza chilichonse mwa zimenezi chimasintha mmene wowerenga MRI kapena PET amamasulirira malo oyerawo.